A Notoriyasi a pa Lizulu

Moni nonse okondedwa, inu amene mwapatula kanthawi kuti muwerenge tsamba lino. Ndikuyamika Chauta amene watidzutsa ndi mpweya m'mphuno, watipatsa mvula pa nyengo yake ndi nthaka yobereka mbatatesi, natipatsanso achibale oti azitiyesa kuleza mtima. Pa mphatso zonsezi, yomalizayi ndi imene tikambirane lero.

Kumudzi kwina kufupi ndi msika wa Lizulu kuli amuna awiri apachilamu. A Maynard amagulitsa mbatatesi pa mawindo a mabasi ndipo ndiwo mwini mbumba. A Chrispine ndi mphunzitsi wopuma, mkamwini amene anakwatira mlongo wawo Janeti, ndipo amalima mbatatesi zimene alamu awowo amagula. Mwana wa a Chrispine, Tisunge, anapeza mnyamata wa ku Blantyre dzina lake Chifuniro, ndipo kwathu kuno woyankhula pa ukwati wa mtsikana si bambo ake koma malume ake. Lachinayi lina m'mawa a Chrispine anafika pakhonde pa a Maynard, foni kudzanja ili, dikishonale kudzanja ilo, nawapeza akusankha mbatatesi m'milu itatu.

"Odi, alamu."

"Fikani, aphunzitsi. Mwanyamula buku m'mawa uno, kodi tikulemba mayeso?"

"Ayi. Mayeso ndinasiya kulembetsa zaka zinayi zapitazo."

"Ndikudziwa, alamu. Ndimangocheza."

"Oho." A Chrispine anakhala pa thumba lopanda kanthu atalipinda bwinobwino. "Kwabwera uthenga wochokera kwa malume ake a Chifuniro. Unafikira kwa mnyamatayo, iye n'kutumiza kwa Tisunge, Tisunge n'kulira, n'kutumiza kwa ine."

"Walira? Chimwemwe chimenecho. Amayi ake analiranso tsiku lokwatiwa ndi inu." A Maynard anaponya mbatatesi pa mulu wapakati. "Kungoti aja ankadziwa chimene akulira."

"Janeti analira chifukwa nsapato inkamuthina."

"Werengani uthengawo, alamu."

A Chrispine anavala magalasi. "Ndi wa Chizungu. Akuti afufuza za banja lathu monga mwa mwambo. Za mtsikana akhutira. Za mayi ake akhutira. Za ine amva kuti sindinama."

"Chilema chimenecho tinakulandirani nacho. Pitirizani."

"Za nkhoswe, amene ndinu, alemba kuti: that uncle is notorious."

A Maynard anaimitsa dzanja m'mwamba, mbatatesi ili m'manja. "Bwerezani."

"Notorious."

"Notoriyasi." Anawatafuna mawuwo pang'onopang'ono ngati munthu amene wapatsidwa nyama ya pamwambo. "Mawu olemera. Zilembo zingati?"

"Zisanu ndi zinayi."

"Naini! Inu angokupatsani kusanama, mphatso ya mwana wa kalasi ya ubatizo. Ine naini. Akunena za kutchuka, eti? Musandione ndi dothi m'zikhadabo, fomu thu ndinaipondamo."

"Amatanthauza kudziwika ndi anthu ambiri..."

"Basi! Tsekani bukulo."

"Sindinamalize chiganizo."

"Chiganizo chabwino chimathera pamene pakoma."

"...kudziwika ndi anthu ambiri pa chinthu choipa."

"Mchira umenewo mwalumikiza ndinu."

A Chrispine anatsegula dikishonale pamene anaika kapepala, nawalozera ndi chala. A Maynard anayang'ana tsambalo mwa mbali, ngati nkhuku yoona chimanga cha mumsampha.

"Analemba bukuli ndani? Anafikapo pa Lizulu?"

"Sindikukhulupirira."

"Ndiye akundidziwa bwanji?"

"Sakukudziwani. Akudziwa mawu. Munthu akatchuka pa zabwino, Mzungu ali ndi mawu ena, amati famous. Mbatatesi za pa Lizulu ndi femasi. Kabichi wa pa Lizulu ndi femasi. Notoriyasi amanenera mbava yothyola nyumba, ng'ona yotha anthu padooko, kapena kona ija ya pamsewu pamene malole amagubuduka chaka ndi chaka."

"Kona ija ndikuidziwa. Madalaivala onse amachepetsa liwiro akafika pamenepo."

"Eya."

"Ulemu umenewo! Msewu wowongoka ndani amaupatsa ulemu? Amangodutsa fyuu, ngati akudutsa inuyo."

"Amachepetsa liwiro chifukwa akuopa kufa."

"Kuopa ndi ulemu n'zapachibale, funsani aliyense amene ali ndi apongozi. Tsono bwana wa ku Blantyre uja wandidziwira kuti?"

A Chrispine anatsitsa uthengawo ndi chala. "Akuti amayendayenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe, ndipo anagulapo ndowa ya mbatatesi kwa inu pa windo la basi. Katatu."

"Katatu! Kasitomala wokhulupirika. Anthu otere akusowa masiku ano."

"Akuti koyamba munavala chipewa chofiira. Kachiwiri munavala chisoti chaubweya. Kachitatu munali mutameta ndevu. Sanakuzindikireni mpaka atafika kunyumba n'kukhuthula."

"Munthu asasinthe chipewa? Kuno kumazizira."

"Kumeta ndevu kumathandiza pa kuzizira? Sindinadziwe."

"Zambiri simudziwa. Anapezamo chiyani m'ndowamo, njoka?"

"Akuti pamwamba panali zazikulu ngati chibakera. Pakati ngati dzira la nkhuku. Pansi ngati dzira la njiwa." A Chrispine anayang'ana mulu woyamba, wachiwiri, wachitatu. "Ngati milu iyi."

"Iyi ndi nkhani ina."

"Nkhani yanji?"

"Dongosolo, alamu! Kutchalitchi kwaya imaima bwanji? Oimba bwino kutsogolo, ongoyasama kumbuyo. Alipo anatulukapo m'tchalitchi kuti amunamiza?"

"Ine ndimaima kumbuyo."

"N'chimene ndikunena. Komanso taganizani. Akakhuthula kunyumba kwake, zapansi zimabwera pamwamba, zapamwamba zimapita pansi. Si zimene timamva paguwa Lamulungu lililonse, kuti ang'onoang'ono adzakwezedwa? Ine ndimangomutumizira ulaliki kukhitchini, iye m'malo mothokoza akundilembera Chizungu."

"Akuti ana ake anakana kusenda. Anangoziphika ndi makoko."

"Mavitamini ali m'makoko. Ana amenewo adzakula ndi mphamvu, sadzadziwa n'komwe woti amuthokoze."

A Chrispine anapukuta magalasi ndi nsonga ya malaya. "Akutinso makondakitala amalengeza basi ikamayandikira msika."

"Amalengeza chiyani?"

"Amati: tikufika pa Lizulu, chimbudzi chili uko, ndipo chenjerani ndi bambo wa chipewa chofiira."

A Maynard anaimirira. Mbatatesi ziwiri zinagubuduka kupita pabwalo, iwo osaziona.

"M'basi? Basi yodzaza? Tsiku lililonse la msika?"

"Akutero."

"Alamu, anthu amagona pamzere kuti dzina lawo limveke pa wailesi. Ine akundilengeza ulele!"

"Akukulengezani limodzi ndi chimbudzi."

"Zonse n'zofunika paulendo. Ndipo musaiwale, ndikangowoloka msewu uja ndili ku Mozambiki. Kumenekonso amandiloza. Ndiye kuti ndine notoriyasi wa mayiko awiri. Inu zaka zonse zija pa bolodi, choko m'mphuno, wakudziwani ndani? Ana omwe munawaphunzitsa akakuonani amafunsa ngati ndinu wa katemera wa nkhuku."

"Zinachitika kamodzi."

"Malume a Chifunirowo muwayankhe kuti zikomo, ndalandira. Akabwera ndidzavala chipewa chofiira chomwecho kuti asavutike."

 A Chrispine anayang'ana foni, kenako anayang'ana pansi.

"Pali chiganizo chomaliza. N'chimene Tisunge walirira."

"Chiwerengeni, mwina muli zilembo zina naini."

"Akuti: munthu amene amaika zazikulu pamwamba, akadzatiuza kuti mtsikanayu ndi wabwino, tidzadziwa bwanji zimene zili pansi? Akuti ngati nkhoswe ndi ameneyo, mwina nkhani ya ukwati iyambe yaima."

 Tambala wa kuseri kwa nyumba analira, kenako anaona kuti si nthawi yake.

"Tisunge?" A Maynard analankhula ndi mawu ena, a pansi. "Akumuyeza Tisunge ndi ndowa? Mwana amene ndinathamanga naye pa njinga mpaka kuchipatala ku Nzama, malungo atamugwira, mvula ikundimenya m'maso, inu muli kokasaina mafomu? Ameneyo ndi wamkulu kuyambira pamwamba mpaka pansi!"

"Ndi wamfupi. Anatengera amayi ake."

"Alamu!"

"Pepani. Janeti anati mwina tipemphe munthu wina ayankhule m'malo mwanu."

"Ndani? Inu? Mkamwini kuyankhula pa ukwati wa mbumba yanga ine ndili moyo? Mawa mudzandiuza kuti manda athu ali pati."

"Ndinakana ndine. Mwambo sulola. Janeti ali ndi mlongo mmodzi, ndinu. Tilibe kosinthira."

"Mukunena ngati tayala."

"Tayala limakhala ndi sipeya."

A Maynard anakhalanso pansi. "Tsono akufuna chiyani?"

"Akufuna yankho lisanakwane tweluvu koloko, kuti adziwe ngati auze abale awo za chinkhoswe kapena ayi. Afunsa ine, poti amva kuti sindinama. Funso ndi limodzi: kodi zimene akumva za nkhoswe n'zoona?"

"Zosavuta. Lembani femasi."

"Sanandifunse mawu. Andifunsa ngati n'zoona."

"Lembani kuti anasokoneza ndi munthu wina. Zipewa zofiira zilipo zambiri."

"Pa Lizulu chilipo chimodzi. Munachita kuuza wogulitsa kaunjika kuti asabweretsenso china."

"Mumakumbukira zinthu zosathandiza."

"Koma ndaganizira njira yonse pobwera kuno," anatero a Chrispine, "ndipo ndapeza polowera. Ine pa windo la basi sindinaimepo. Pansi pa ndowa yanu yogulitsira sindinasuzumirepo. Ndilemba kuti: zimenezo sindinazionepo ndi maso anga. N'zoona, sindinanama, ndipo Tisunge akwatiwa."

Apa, okondedwa, munthu wanzeru akanati zikomo alamu, n'kuwathirira tiyi. Koma tikudziwa tonse chimene chimatsogolera kugwa.

"Sindinazionepo?" A Maynard anakwinya nkhope. "Umboni wanji umenewo? Ndi mmene amayankhira munthu amene wabisa mbava kuseri kwa nkhokwe. Lembani kuti ndi mabodza."

"Sindinganene kuti ndi mabodza. Sindinaone."

"Ndiye muone!"

"Alamu, ndibwino ndisaone."

"Ayi, muone! Mbiri yanga isapulumutsidwe ndi khungu la mkamwini."

Analowa m'nyumba. Munamveka kugwa kwa makasu ndi kukuwa kwa nkhuku imene inkaikira, ndipo anatuluka ndi ndowa yachitsulo, naikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Iyi! Ndowa ya Maynard. Suzumirani. Yakhomedwa pansi? Muli chinyengo? Munthu akhoza kusambitsiramo mwana."

Anaikhazika pa simenti ya pakhonde. Ndowa inapendekera uku, inapendekera uko, kenako inagona chammbali.

"Bwanji sikuima?" anafunsa a Chrispine.

"Yalemedwa ndi chilungamo."

"Pansi pake patupa ngati mimba. Iyi ndikuidziwa, ndi imene mumabwera nayo kumunda kwanga pogula. Nanga iyo yomangidwa pa njingayo?"

"Iyo ndi ya ntchito zina."

"Ntchito zanji?"

"Zina."

A Chrispine anapita pa njinga, namasula lamba wa mphira mosafulumira, napinda lambayo, nabwera ndi ndowa yachiwiri. Kunja zinali mapasa. Analowetsamo mkono.

"Dzanja langa lafika pansi msanga."

"Muli ndi mikono yaitali. Akwanu onse."

"Pansi pake pakhomedwa kulowa m'kati. Pali zipsera za hamala."

"Inagwa pa lole."

"Inagwa kangati? Zipsera zazungulira bwinobwino."

"Msewu wake munauona?"

Uphunzitsi suchoka m'magazi. A Chrispine anagwada, nadzaza ndowa ya pa njinga ndi mbatatesi mpaka pakamwa, nasalaza ndi chikhatho. Kenako anakhazika ndowa yamimba ija pakati pa mawondo kuti isagwe, nakhuthuliramo zonse. Anasuzumira. Mbatatesi sizinafike ngakhale pa makutu a chogwirira.

"Zachepa," anatero.

"Zakhazikika. Mbatatesi zimakhazikika."

"Kumunda kwanga," a Chrispine anayamba pang'onopang'ono, ngati mwana amene samu yayamba kumutsegukira, "mumayamba mwakumba kadzenje ndi chidendene, n'kukhazikamo ndowa. Mumati n'kuopa mphepo."

"Kuno kuli mphepo. Funsani aliyense."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza Janeti kuti alamu ndi munthu wosamala. Ndinakutchulanipo ngakhale ku mphakati, pa phunziro la kukhulupirika m'zazing'ono."

"Ndipo anthu anathandizika. Musachotse madalitso awo."

"Ndiye kuti yogulira ili ndi mimba, yogulitsira ilibe."

"Taonani, alamu, malonda ali ngati..."

"Tsopano ndaona ndi maso anga."

Anatenga foni nayamba kudina ndi chala chimodzi.

"Mukulemba chiyani?"

"Zoona."

"Mawu amodzi okhawo?"

"Anafunsa funso limodzi."

"Alamu! Aphunzitsi! Bambo a Tisunge!" A Maynard anagwira mkono wa malaya awo. "Taimani. Lembani kuti pa Lizulu palibe amene amandidziwa. Maynard ndi munthu wamba, wosaoneka, akadutsa ngakhale agalu sadzuka."

"Mwanena nokha kuti mayiko awiri."

"Ndimacheza!"

"Nthawi ija munati mukucheza ndi ya mayeso. Iyi simunanene."

"Chabwino, bwererani ku ija ya poyamba. Sindinazionepo ndi maso anga. Inali yabwino, yaulemu, yachikhristu."

"Inali yoona mpaka mphindi khumi zapitazo. Ndinakupemphani kuti ndisaone."

"Vulani magalasi, muiwale."

"Ndinagwiranso ndi dzanja."

"Mwana wanu yemwe, alamu! Mukufuna akalambire pakhomo chifukwa cha chitsulo cha kwa okhoma zidebe?"

Chala cha a Chrispine chinaima pamwamba pa foni. 

"Sindikufuna. Chiyambire dzulo sanadye. Koma ndikanama lero, ukwati wake ndauyala zazikulu pamwamba, ndipo tsiku lina adzakhuthula. Ndipatseni choona china choti ndionjezere, ndilemba."

"Choona ngati chiti?"

"Sindikudziwa. Mwini nkhani ndinu."

A Maynard anayang'ana ndowa yokhomedwa ija nthawi yaitali, ngati munthu wotsanzikana ndi ng'ombe imene yamulimira zaka zambiri. Kenako anaikankha ndi phazi. Inagubuduka mpaka pa mapazi a alamu awo.

"Lembani kuti yapuma ntchito. Ngati inuyo."

"Yapuma liti?"

"Lero."

"Ndipita nayo. Janeti akusowa momwetsera nkhuku."

"Pitani nayo. Nkhukuzo zikamwa madzi ochepa musadzandilembere Chizungu."

"Ndiye mwatsala ndi imodzi. Yogulira ndi yomweyo, yogulitsira ndi yomweyo."

"Yamimbayi? Ndigulitsire yamimbayi? Alamu, mukufuna ndiyende wopanda nsapato?"

"Ngati ndi yabwino kumunda kwanga, ndi yabwino pa windo. Nanga milu itatuyi?"

"Milu yalakwanji?"

"Ndikadali kuiona."

A Maynard anatseka maso. Analowetsa manja onse awiri, nasakaniza zibakera, mazira a nkhuku ndi mazira a njiwa, akubuula ngati munthu amene akumuzula dzino la kumapeto.

"Mwakhutira, a Chilungamo?"

"Eya." A Chrispine anadina kwa kanthawi, nawerenga mokweza. "Zinali zoona mpaka lero m'mawa. Ndowa yapuma. Ndaona ndi maso anga."

"Simungachotse mbali yoyambayo?"

"Ndatumiza."

Onse awiri anayang'anitsitsa foni ili pakati pawo pa simenti. Nkhuku ija inatuluka m'nyumba, inawayang'ana, n'kubwereramo. Patapita nthawi foni inalira.

"Akuti chiyani? Werengani! Musapukute magalasi, werengani!"

"Akuti ayamika kuona mtima. Akuti tsiku lina la msika adutsa pa basi, osanena, agula ndowa imodzi kwa inu pa windo. Akakapeza kuti pansi ndi pamwamba n'chimodzimodzi, chinkhoswe chichitika."

"Aa, zosavuta! Ndimukonzera ndowa yakeyake, zibakera zokhazokha. Amaoneka bwanji?"

"Sindinawaonepo."

"Wamtali? Wonenepa? Wa dazi?"

"Sindinawaonepo, alamu."

"Tisunge afunse mnyamatayo atitumizire chithunzi."

"Alemba kale kuti Chifuniro amuletsa."

"Amavala chiyani, tsono?"

A Chrispine anayang'ananso foni. "Akuti nawonso ali ndi zipewa zingapo."

A Maynard anagwira mutu ndi manja onse. "Mayo ine! Ndiye ndigulitse mwachilungamo kwa basi yonse? Mabasi onse?"

"Ndi maminibasi omwe. Sananene kuti akwera chiyani."

"Kufikira liti?"

"Tsiku ndi ola sananene."

"Zimenezo ndinazimvapo kutchalitchi," anatero a Maynard mofooka, "koma ndinkayesa akunena za anthu ena."

Anapita masabata atatu. Anthu a pamsika anaona zimene sanazionepo: a Maynard akukweza ndowa yamimba pa windo lililonse, n'kuchita kuikhuthula pamaso pa wogula kuti aone pansi. Bambo aliyense wa jekete ankamufunsa ngati ndi wa ku Blantyre, ndipo akavomera ankamuonjezera ziwiri. Masabatawo atatha, tsiku Loweruka, a Chrispine anabwera kudzagula kabichi, nawapeza atatsamira njinga, lamba wa m'chiuno atamangira pa bowo latsopano.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Ndaswera ngati munthu wachilungamo. Mukuona nokha mmene chimawondetsera."

"Makondakitala asintha chilengezo. Ndamva ndi makutu anga."

A Maynard anadzuka pang'ono. "Akuti chiyani tsopano?"

"Akuti: thamangirani kwa wa chipewa chofiira, mutu wawasokonekera."

"Ndiye kuti ndafika pa femasi?"

"Buku ndasiya kunyumba."

"Likhale komweko. Koma munthu wanu uja, alamu, wandizunza. Dzulo ndinaperekeza mkulu wina wa magalasi mpaka pakhomo pa basi, ndikumutchula kuti apongozi, kumapeto ndikumva akupita ku Mzuzu kukagulitsa matayala. Mwana akukalamba uku! Kodi adzabwera chaka chino?"

"Anabwera."

"Anatani?"

"Anabwera. Loweruka loyamba lomwe lija. Anali pa minibasi, atavala chipewa cha mlaza. Anagula, anakakhuthula, anakhutira. Chinkhoswe chili kumapeto kwa mwezi uno. Janeti wasoketsa kale zovala, Tisunge akudya kawiri."

 A Maynard anayang'ana ndowa, anayang'ana basi imene inkanyamuka, manja a anthu akuwabayibitsa pa mawindo.

"Loweruka loyamba? Masabata atatu, alamu! Masabata atatu ndikudyetsa dziko lonse la Malawi ndi Mozambiki yemwe! Nkhoswe ndine, bwanji osandiuza?"

"Simunandifunse ngati anabwera. Mumangofunsa kuti amaoneka bwanji."

"Ndibwezereni ndowa yanga. Lero lomwe. Nkhuku zimwere m'chigoba."

A Chrispine anasankha kabichi, namufinya kuti amve kulimba, namuika m'jumbo.

"Ndikhoza kubweza," anatero. "Kungoti mnyamatayo ali ndi amalume ena atatu, ndipo onse amakwera basi."

Okondedwa, Ambuye akusungeni polowa ndi potuluka. Dzina lanu likamatchulidwa kumene inu kulibe, m'basi kapena pa bwalo la ukwati wa mwana wanu, lizitchulidwa mokoma. Akupatseni ndowa imodzi yogulira ndi kugulitsira, ndipo Iye mwini akuyezereni ndi yamimba, yodzaza mpaka kutayikira, pansi ndi pamwamba chimodzimodzi. Amen.